Magazini ya kusukulu kwanu ili kuti?

Sabata ino mwayi wagwera ine, ndipo ndiyamba ndi funso. Inu amene mudalembako m'magazini ya kusukulu kwanu, kaya ndi kusekondale kaya kukoleji, magaziniyo ili kuti lero? Musafulumire kuyankha kuti ilipo. Mutati muifune madzulo ano, mungaigwire m'manja?

Ndikufunsa chifukwa ine zidandionekera chaka chatha. Mtsikana wina adanditumizira uthenga pafoni, nkudzifotokoza kuti ndi mwana wa mnzanga amene tidali naye kalasi imodzi kusekondale. Mnzangayo adatisiya mwanayu asanayambe nkuyenda komwe. Mayi ake adamuuza kuti bambo ake ankalemba ndakatulo, ndipo imodzi idatuluka m'magazini ya sukulu yathu ya 2003, yomwe mkonzi wake ndidali ine. Uthengawo udali waufupi: "Ankolo, ndikungofuna ndione zimene adadi ankalemba."

Ndidayankha mwamatama kuti asadandaule, zonse ndili nazo. Nditafukula m'katoni ya mabuku akale, ndidapeza kadisiketi kakuda, pamwamba pake nditalemba ndi bolopeni kuti MAGAZINI FINAL. Pepala ngakhale limodzi, ayi. Ndidakhala pansi nditagwira kadisiketi kaja ngati munthu amene wapatsidwa kiyi wa nyumba yomwe idagwa kalekale.

Za mmene zidathera ndikuuzani kumapeto. Poyamba tiyeni tibwerere m'mbuyo, chifukwa nkhani ya ophunzira ndi makina opangira magazini siidayambe ndi ife a kompyuta.

Mu 1970, Chancellor College ikadali ku Chichiri mu Blantyre, isanasamukire ku Zomba mu 1973, ophunzira ndi aphunzitsi ena adayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Mayina ambiri amene timawalemekeza m'gulu lino adadutsa m'menemo: Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, kenako Anthony Nazombe, Ken Lipenga ndi ena. Mu 1971 adatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Kudalinso Odi, magazini yomwe inkatulutsa zolemba za m'Chichewa ndi m'Chingerezi, komanso The Muse, timapepala tomwe tinkanyamula ndakatulo ndi nkhani zoti gululo likakambirane likakumana.

Timapepala totere sitinkapita kwa osindikiza akuluakulu. Tinkapangidwa pa makina opukusa ndi dzanja amene ambiri ankangowatchula kuti Gestetner, dzina la mkulu wina, David Gestetner, amene adayambitsa lusoli ku London mu 1881. Inu achinyamata mwina simudawaoneko, koma funsani aphunzitsi anu akale, mayeso a pasukulu ankapukusa pa makina omwewa.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Umatenga stensulo, pepala lopyapyala lokutidwa ndi phula, nkuliika mu taipilaita utachotsa riboni. Zilembo zikamamenya, sizinkalemba ayi, zinkaboola phulalo. Ukamenya mofatsa, chilembo sichioneka. Ukamenya mwaukali, chilembo cha o chimabooka chonse nkusiya dontho lakuda bii papepala lililonse. Ukalakwitsa, umapaka mankhwala ofiirira onunkha ngati kiyutekisi, nkuuzira kuti aume, kenako nkutayipanso pamalo pomwepo. Ukamaliza umakulunga stensulo ija pa mgolo wa makina, kuthira inki, nkuyamba kupukusa chogwirira, pepala limodzi limodzi. Pomaliza, anthu amazungulira tebulo kutola tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, wina ali kumapeto ndi sitepula. Aliyense ankachoka pamenepo zala zili bii.

Tsono taonani chimene makina amenewa ankaphunzitsa. Stensulo idali yodula ndipo siinkakhululuka. Choncho ntchito yonse yokonza inkachitika usanakhudze taipilaita. Ndakatulo inkawerengedwa pagulu, anthu nkuisenda, mwini wake nkukailembanso, mpaka mawu aliwonse atakhazikika. Mkonzi ankawerenga mizere ndi chala kuti adziwe ngati nkhani ikwane patsamba. Paja kuona maso a nkhono nkudekha.

Padalinso china chowakakamiza kudekha. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa Censorship Board, bungwe lomwe linkaunika mabuku, masewero ndi mafilimu, ndipo mawu olakwika ankatha kumutengera munthu kundende popanda mlandu kuzengedwa. Felix Mnthali, mphunzitsi komanso mlakatuli wa pakolejipo, adatsekeredwa m'zaka za m'ma 1970. Jack Mapanje adamangidwa pa 25 September 1987 ku Zomba, nkukakhala ku Mikuyu mpaka May 1991. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ophunzira ena adachotsedwa sukulu chifukwa cha nkhani zomwe zidatuluka mu Chirunga Newsletter, nyuzi ya ophunzira a pakolejipo. Nchifukwa chake ndakatulo za nthawi imeneyo zidadzaza ndi abirimankhwe, Napolo, mbandakucha ndi nthano zamakolo. Ankalankhula mokuluwika kuti wakumva amve, wofuna kumanga asowe pogwira. Ndipo musaiwale, taipilaita iliyonse ili ndi chizindikiro chake, chilembo china chopindika kapena chodyeka. Pepala lopanda dzina linkatha kuloza ofesi yomwe lidatayipidwira.

Pamene akuluakulu athu ankapukusa stensulo ku Chirunga, ku America kunkachitika zinthu zomwe zidadzasintha ntchito yonseyi. Mu 1984 kampani ya Apple idatulutsa kompyuta ya Macintosh, yomwe inkaonetsa tsamba pasikirini monga mmene lidzaonekere papepala. Mu 1985 kudabwera pulinta ya LaserWriter ndi pulogalamu ya PageMaker ya kampani ya Aldus. Zinthu zitatuzi zitakumana, munthu mmodzi atakhala patebulo ankatha kuchita ntchito yomwe kale inkafuna nyumba yosindikizira: kusanja zilembo, kugawa tsamba m'madanga, kukuza mitu, kuika zithunzi. Azungu adaitcha ntchitoyi desktop publishing.

Kwathu kuno mphamvu ya makina atsopano tidaiona bwino mu 1992. Pa 8 March chaka chimenecho m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi, Living Our Faith, yomwe idasindikizidwa ku Montfort ku Balaka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo nyumba yosindikizirayo idatenthedwa. Ophunzira a ku Chancellor College adachita zionetsero zogwirizana ndi maepiskopi, koleji nkutsekedwa. Koma kalata ija, ndi timapepala tina tambirimbiri totsutsa boma, tidapitirira kuyenda kudzera pa fotokope ndi fakisi. Apolisi ankasecha maofesi, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito pafupi ndi makinawa adamangidwa. Komabe madzi adali atasefukira kale. Makina osindikizira akuluakulu ungawalondere chifukwa ndi ochepa. Nanga fotokope ya mu ofesi iliyonse ungailondere bwanji?

Pofika pa referendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994, dziko lomwe lidazolowera Daily Times, Malawi News, Boma Lathu, Odini ndi magazini ya Moni lidaona nyuzipepala zatsopano zoposa 20 m'misewu: The Independent, The Monitor, The Democrat, Michiru Sun, The Nation yomwe idayamba mu July 1993, ndi zina zomwe zidafa zisanathe nchaka chomwe. Zambiri mwa izo zinkakonzedwa pa kompyuta imodzi kapena ziwiri m'kachipinda. Ufulu ndiwo udatsegula chitseko, inde, koma kompyuta ndiyo idatsitsa mtengo wolowera. Nthawi yomweyonso ku Chancellor College, Dr Paulos Nyirenda wa kunthambi ya Physics ankayendetsa njira yotumizirana makalata a pakompyuta ya Fidonet, ndipo mu 1997 kampani ya MalawiNet idayamba kugulitsa intaneti.

Zonsezi zinkachitika m'tauni ndi kuyunivesite. Kusekondale kwathu kompyuta idafika mochedwa, ndipo idafika itatopa kale. Zidabwera zingapo zogwiritsidwapo ntchito, mphatso yochokera kunja, zamasikirini a chimutu ngati wailesi yakanema yakale. Zidaikidwa m'chipinda cha mabaglabazi, nkuvindikiridwa ndi nsalu. Polowa tinkavula nsapato, ati fumbi limadwalitsa kompyuta. Mphunzitsi wathu wa Chichewa, amene adakulira pa stensulo, ndiye adati: "Anyamata ndi atsikana, chaka chino magazini tipangira apa. Ine sindidziwa, inunso simudziwa, ndiye tiphunzirira limodzi."

Tidalipo asanu ndi awiri, ndipo palibe amene adagwirapo mausi. Tsiku loyamba mnzathu wina adaikweza m'mwamba nkumailozetsa kusikirini ngati rimoti. Tidaseka mpaka misozi, koma kunena zoona tonse sitinkadziwa. Tinkatayipa ndi chala chimodzi, kusakasaka chilembo ngati nkhuku yotola mapira. Tsamba limodzi linkatitengera masana onse.

Phunziro loyamba lenileni lidabwera ndi kuthima kwa magetsi. Mtsikana wina adatayipa nkhani yake yamasamba anayi kuyambira titaweruka mpaka dzuwa kupendeka. Magetsi adangoti phethi, nkubweranso. Sikirini idayaka ili mbee. Tidafufuza paliponse, mpaka wina adasuzumira kumbuyo kwa kompyuta ngati nkhaniyo yagwera pansi. Mtsikanayo adalira ngati pamaliro. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense akatayipa ndime imodzi, gulu lonse linkakuwa kuti "Seva!" Mpaka lero chala changa chimathamangira Ctrl ndi S ndisanaganize.

Phunziro lachiwiri lidali lakuti kompyuta siidziwa Chichewa. Mawu aliwonse inkawadula mzere wofiira kunsi, tsamba lonse ngati lakhetsa magazi, ndipo poyamba tinkaganiza kuti talakwitsa ndife. Ikafika kumapeto kwa mzere inkadula mawu motsata malamulo a Chingerezi, nkutipatsa zinthu ngati nk- pamwamba, hani pansi. Aphunzitsi athu adatiimitsa ntchito, nkutikumbutsa pabolodi kuti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu: nkha-ni, mphu-nzi-tsi, ng'o-mbe. Galamala yomwe tinkaiona ngati chilango m'kalasi tidaimvetsa tsiku limenelo, chifukwa tidaona ndi maso kuipa kwa mawu odulidwa pakhosi.

Ndiye padali ŵ, w wa kadenga uja. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board, yomwe idakhazikitsidwa mu 1972, inkalimbikitsa, ankafuna kadengako m'mawu ngati Malaŵi. Pa taipilaita nkhani idali yosavuta: umatayipa w, kenako nkujambula kadenga ndi dzanja. Pa kiyibodi tidasaka mpaka kutopa. Patapita masabata awiri mnzanga uja, bambo wa mtsikana wandilembera uthengayu, adakapeza kobisika m'ndandanda wa zizindikiro, pakati pa zilembo za zinenero za ku Ulaya. Chilembochi chimagwiritsidwanso ntchito m'chinenero cha ku Wales. Adakuwa ngati wagoletsa chigoli. Koma titasintha mtundu wa zilembo kuti mutu ukongole, ŵ adasanduka kabokosi. Ambiri adangotopa nako kadengako, ndipo onani, ngakhale ine pamwambapa ndalemba Malawi wopanda denga. Kwa amene mukukafunabe: mu Word tayipani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, katuluka.

Phunziro lachitatu lidali la kudziletsa. Titazindikira kuti muli mitundu yambirimbiri ya zilembo, tidapenga nayo. Tsamba limodzi linkakhala ndi mitundu isanu ndi umodzi, mutu wopindika ngati utawaleza, m'mbali muli timaluwa. Aphunzitsi adaliyang'ana nthawi yaitali, nkufunsa kuti: "Kodi iyi ndi magazini kapena chitenje?" Adatilamula kusankha mitundu iwiri basi, wina wa mitu, wina wa nkhani. Adatiuzanso mawu amene sindidzaiwala, akuti pa stensulo munthu ankaganiza kaye kenako nkutayipa, koma ife tikutayipa kaye nkumayembekeza kuti makina atiganizira. Adatibweza ku njira yakale: nkhani iliyonse iwerengedwe mokweza pagulu, ikonzedwe papepala, ndipo ikapsa ndiye ipite pakompyuta.

Zithunzi tidajambula pamanja nkuzimata ndi guluu m'mipata yomwe tidasiya, chifukwa sikana kudalibe. Tidapulinta kope imodzi yokha, inki ya pulinta idali yodula ngati golide, ndipo awiri adakwera minibasi kukachita fotokope kutauni, ndalama yake yosonkha. Magazini idatuluka yamasamba 24. Tidagulitsa yonse tsiku la makolo, ngakhale kope yanga ndidagulitsa. Ndinkati ndivutikiranji, zonse zili mu disiketi.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, abale anga. Mbadwo uliwonse wa ophunzira udaphunzira makina a nthawi yake osati chifukwa chokonda makinawo, koma chifukwa udali ndi mawu oti unene. Palibe mwa ife amene akadapirira maphunziro a kompyuta ongoloweza kuti ichi ndi chiyani, icho ndi chiyani. Tidaphunzira chifukwa tsiku la makolo linkayandikira ndipo magazini idayenera kutuluka. Mwa asanu ndi awiri aja, atatu akudya za kompyuta mpaka lero. Ngati ndinu mphunzitsi ndipo mukufuna ana adziwe kompyuta, apatseni magazini yoti atulutse ndi tsiku loti ituluke, muona.

Koma pali chinthu chimodzi chimene kompyuta siidatiphunzitse, ndipo stensulo inkachita yokha popanda kuuzidwa: kusunga. Stensulo siinkakupatsa mwayi wina, mawu ankayenera kugwera papepala basi. Nchifukwa chake ofufuza za zolembalemba akutchulabe The Muse ndi Odi m'mabuku awo lero, patapita zaka pafupifupi 50, popeza makope ake adasungika. Nanga magazini a kusukulu a m'ma 2000 ali kuti? Disiketi inkanyamula 1.44 MB, yosakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha foni yamakono, ndipo inkaonongeka ndi chinyezi, fumbi ndi kutentha. Makompyuta a lero alibe nkamwa moilowetsa. PageMaker idagulidwa ndi Adobe mu 1994, mtundu wake womaliza udatuluka mu 2001, ndipo idalowedwa m'malo ndi InDesign. Mafayilo ake ambiri lero ndi ovuta kutsegula. Pambuyo pa disiketi padabwera ma CD omwe ankakalika, kenako mafulashi omwe ankadyedwa ndi mavayirasi a m'ma internet cafe.

Lero zinthu zapepuka kwambiri. Mwana wa Fomu 3 akhoza kukonza magazini yokongola pafoni ndi Canva, nkuisandutsa PDF, nkuitumiza pa WhatsApp kwa anthu mazanamazana osagula pepala ngakhale limodzi. Ine ndimasangalala nazo, ndipo sindikufuna tibwerere kopukusa. Koma tadzifunsani: foniyo ikabedwa? Gulu la WhatsApp likatha anthu atamaliza sukulu? Amene ankadziwa pasiwedi akasowa? Uthenga uja woti foni yadzaza ukabwera, chimayamba kufufutidwa nchiyani, si ma PDF akale omwewo? Ngakhale zimene timalemba m'gulu lino zili m'nyumba ya eni ake. Tsiku lina akhoza kusintha maloko.

Sindikunena kuti pepala silifa. Mu December 2015 moto udapsereza layibulale ya Mzuzu University, ndipo mabuku masauzande ambiri adasanduka phulusa usiku umodzi. Pepala limapsa, limanyowa, chiswe chimadya. Phunziro lake ndi lakuti chinthu chosungidwa malo amodzi sichidasungidwe. Choncho inu akonzi a magazini a kusukulu, ndi inu aphunzitsi owayang'anira, ndikupempheni zinthu zochepa. Magazini ikatha, isungeni ngati PDF, osangoisiya mu pulogalamu yomwe mwaipangira. Itumizeni kwa anthu angapo pa imelo. Pulintani makope ochepa ngakhale ndalama zivute, imodzi ya layibulale ya sukulu, imodzi ya mphunzitsi, ina ya inu eni. Lembani pachikuto dzina la sukulu, chaka ndi mayina a onse amene adagwira ntchito. Ndipo dziwani kuti ku Zomba kuli National Archives, komwe lamulo la Printed Publications Act limati zosindikizidwa m'dziko muno zizikasungidwa. Magazini ya ana asukulu si yaing'ono kwa olemba mbiri. Mmenemo ndimo mumapezeka zimene achinyamata a chaka chakutichakuti ankaopa, ankaseka ndi kulakalaka.

Tsono za disiketi ija. Ndidayenda nayo m'mashopu okonza makompyuta, anyamata ena nkumaitembenuza uku ndi uku, kufunsa kuti ndi chiyani. Pomaliza bambo wina wachikulire adatulutsa kamakina kake kakale m'kabati. Disiketi idalira kuti krrr, krrr, kenako kompyuta idafunsa ngati ndikufuna kuifufuta kuti iyambirenso. Mudalibe kanthu koti nkuwerenga.

Ndidayamba kuimbira anzanga a m'kalasi mmodzimmodzi. Uyu akuti idasowa posamuka, uyo akuti ana adakutira makope. Patatha miyezi itatu, mtsikana uja amene adalirira nkhani yake yamasamba anayi, pano ndi mayi wa ana atatu, adandiimbira ali kumudzi. Mayi ake, amene sadapite patali ndi sukulu ndipo sadagwirepo kompyuta, adasunga magaziniyo m'sutikesi yachitsulo pamodzi ndi masatifiketi ndi makadi a kusikelo, chifukwa mudali dzina la mwana wawo. Masitepulo adachita dzimbiri, chikuto chidadyeka m'mbali, koma tsamba 11 lidali lonse. Ndakatulo ya mnzanga idali pomwepo, ndipo m'mzere wachitatu mudali ŵ wake uja, kadenga kali chilili.

Adaijambula pafoni nkunditumizira, ine nkutumiza kwa mwana uja. Adayankha patapita tsiku lathunthu. Adangoti: "Zikomo ankolo. Sindinkadziwa kuti ankaseketsa chonchi."

Ndiye ndibwereze funso langa lija. Magazini ya kusukulu kwanu ili kuti? Amene muli nayo, ifukuleni sabata ino, muijambule tsamba ndi tsamba, mutiuze sukulu ndi chaka. Mwina pali mwana wina kwinakwake amene akufunafuna tsamba 11 lake.

Tionana sabata yamawa.